Kodi dothi langali ndi lamchenga?

Mayi wa ku Chitakale:
Abale, munda wanga uli m'mbali mwa mtsinje wa Likhubula. Madzi sakhalitsa, chimanga chimachita chikasu ngakhale ndithire feteleza. Ndilidziwa bwanji dothili?

Mlangizi wopuma, Luchenza:
Mayi, linyowetseni pang'ono, mulifinye m'manja. Likakana kuumbika n'kumakhakhala, ndi lamchenga. Timiyala take timakula mamilimita 0.05 mpaka 2. A FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, amalitcha dothi lotereli Arenosols. Kumadera ozizira ndi ouma, monga Nebraska ku America, limauluzika ndi mphepo, n'chifukwa chake amangosiyapo udzu wodyetsa ng'ombe. Kuno chomwe chimatsitsa feteleza pansi ndi mvula yathu yambiriyi.

Mlimi mnzanu, Muloza:
Achemwali, thirani manyowa ambiri, phimbirani ndi mapesi. Feteleza muzithira pang'onopang'ono. Ine pamchenga ndimabzala chinangwa ndi nandolo.