Ndingadziwe bwanji kuti faiba yagwirana bwino mkati boti lisanapite panyanja?

Chirwa wa ku Luwinga:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimapanga makanopi a mapikapu ndi matanki a faiba kuno ku Luwinga, ndipo tsopano asodzi ena a ku Nkhata Bay andipatsa oda ya boti. Kanopi ikang'aluka mwini wake amangobwera kudzadandaula, koma boti likamatuka pakati pa nyanja nthawi ya mwera ndi maliro amenewo. Ntchito yanga ndi ya manja: ndimapaka jelikoti (utoto wolimba wa kunja) m'chikombole, n'kuyala mati a ulusi wa galasi, kuthira rezini ya polyester (madzi omata amene amalimba akauma), n'kutsindira ndi rola. Chondivuta n'chakuti kunja kumasalala bwinobwino ngakhale mkati mutatsala mpweya kapena mati osanyowa. Makina ounikira mkati ndilibe. Ndiyese bwanji?

Mdala Mhango:

Mwana wanga, yamba ndi khutu. Tenga ndalama yachitsulo kapena kahamala kakang'ono, uzigogoda boti lonse pang'onopang'ono, osadumpha malo. Pogwirana bwino pamalira mokweza, ngwe ngwe. Pomwe zigawo zamatuka pamalira mogonthera ngati dzungu lowola mkati. Ukapeza potero zunguliza ndi choko. Samala kwambiri m'makona, m'mbali mwa msana wa boti ndi kumbuyo komangirira injini, chifukwa rola safika bwino kumeneko. Usanapake penti mkati, ika tochi kuseri madzulo: mati ouma amaoneka oyera mbee.

Tamanda, wophunzira uinjiniya:

Zimene anena a Mhango ndi zoona, koma bambo Chirwa musalekere pomwepo. Kugogoda kumapeza malo aakulu omatuka, makamaka apafupi ndi pamwamba. Timabowo ting'onoting'ono ta mpweya tomwazikana m'rezini khutu silitimva, chonsecho timafooketsa kwambiri kugwirana kwa chigawo china ndi chinzake.

Njira yodalirika ndi kuthyola. Osati botilo ayi. Tsiku lililonse loyala, yalaninso kachidutswa kapadera pagalasi kapena pafomaika, ndi mati omwewo, rezini ya m'chitini chomwecho, zigawo zofanana, ndipo kaume pambali pa boti. Kakauma dulani timizere tosachepera 5, mulifupi pafupifupi mamilimita 13. Goneketsani kamzere pa mapaipi awiri, mulemetse pakati mpaka kathyoke. Muyezo wa ku America woyesera kulimba kwa zinthu zotere, ASTM D790, umati mpata wa pakati pa zochirikizira ukhale kuchindikala kwa kamzereko kuchulukitsa ka 16, ndiye kamzere ka mamilimita 4 kafuna mpata wa mamilimita 64. Koloweka ndowa pakati, muzithiramo mchenga pang'onopang'ono, kakathyoka muyeze ndowayo pasikelo. Konzani ndowa yaikulu, kamzere kabwino kotere kangathe kunyamula makilogalamu oposa 30. Valani magalasi, tizidutswa timathamanga.

Chofunika si nambala yokha, yang'anitsitsani pothyokapo. Ntchito yabwino imayamba kuyera ndi kuthetheka mbali ya pansi, ulusi n'kuduka uli ndi rezini yomatirira. Mukaona ulusi ukusololoka woyera, wofewa, wopanda rezini, ndiye kuti mati sananyowe. Kamzere kakang'ambika m'litali zigawo n'kupatukana, vuto lili pa kugwirana: mwina fumbi, chinyezi, kapena munayala pa chigawo chouma kale osachikwecha ndi sandipepa. Timizere tikasiyana kwambiri mphamvu, manja a oyala sakufanana.

Palinso ASTM D2344, momwe mpata umafupikitsidwa kufika pa kuchindikala kuchulukitsa ka 4 kuti zigawo zikakamizike kutsetsereka. Imeneyi ndiyo imaulula timabowo ta mpweya, koma imafuna makina. Funsani ku yunivesite ya MUBAS kapena ku Malawi Bureau of Standards ku Blantyre ngati angakuyesereni.

Mayi NyaGondwe:

Ine ndiwonjezere za nyengo, chifukwa Mzuzu si Salima. June ndi July m'mawa kuno kumazizira, ndipo polyester siuma bwino kutentha kukatsika pa madigiri 15. Ambiri amangothira hadena (mankhwala oumitsa rezini) wochuluka kuti ntchito ithamange. Musatero achimwene. Hadenayo, wotchedwa MEKP, amathiridwa pakati pa 1 ndi 2 peresenti. Mukapyola pamenepo, rezini imatentha kwambiri n'kukhala yosachedwa kusweka. Yambani ntchito dzuwa litakwera. Mati musawasiye pasimenti m'shedi, nkhungu ya kuno imawanyowetsa ndipo rezini siwalowa bwino. Poyesa kuuma, nyowetsani kansalu ndi acetone, pukutani pamalo okwechedwa. Pakanata kapena kufewa, sipanaume. Pali kachida ka Barcol kokanikiza nsonga pamwamba n'kuwerenga kulimba, mukakabwereka yerekezani ndi nambala ya pa pepala la rezini yanu.

Chirwa wa ku Luwinga:

Zikomo nonse, zandilowa. Nanga boti lenilenilo? Ndimaganiza zoliika pamadzi ku Nkhata Bay, kulidzaza matumba a mchenga olemera kuposa katundu wake, likapirira basi ndipereke.

Tamanda, wophunzira uinjiniya:

Chitani zimenezo, koma musakhulupirire kupirira kwa tsiku limodzi. Faiba siipindika n'kukuchenjezani monga chimachitira chitsulo. Mng'alu umakula mobisika mafunde akamamenya mobwerezabwereza. Titan, chombo choyenda pansi pa madzi chopangidwa ndi faiba ya mtundu wa carbon fibre, chinatsikira kangapo pansi pa nyanja kumene kuli sitima yomira ya Titanic n'kubwerako, koma mu June 2023 chinaphwanyika ndi anthu 5 mkati. Ofufuza a ku America anapeza makwinya, timabowo ndi zigawo zomatuka m'thupi lake.

Ndiye musanaike mchenga yezani mpata wa pakati pa m'mphepete mwa boti ndipo lembani. Mchenga uli momwemo zimitsani injini, khalani chete mumvetsere. Kuthetheka kulikonse ndi ulusi kapena rezini ikusweka, pezani malowo. Mukatsitsa mchenga yezaninso, boti liyenera kubwerera pa muyezo woyamba. Kenako gogodani monse muja munagogoda poyamba, muone ngati mizere ya choko ya a Mhango yakula. Pomwe pakula dulani, kwechani m'mbali motsetsereka, muyalenso. Auzeninso asodziwo kuti alibweretse kumtunda nyengo ya mwera ikatha kuti mudzaligogodenso.