Zowonjezera pa funso la madzi m'chitseko cha galimoto

Pa funso lija la madzi omveka kukhavuka m'chitseko cha Mazda MX-5 mvula ikagwa, tinayankha kuti timabowo ta pansi pa chitseko tatsekeka. Tiwonjezerepo.

Madzi amalowa ndithu podutsa pa labala wa galasi. Vuto ndi pamene sakutuluka, chifukwa akakhalitsa dzimbiri limadya chitseko kuyambira pansi. Tsegulani chitseko, tokosani timabowoto ndi kapulasitiki kopyapyala, osati waya, poti waya amakanda penti. Matope akatuluka, thirani madzi lita imodzi pagalasi muone ngati akutsika msanga.

Kapeti ikamanyowabe, chotsani chophimba cha mkati mwa chitseko. Nthawi zina pepala la pulasitiki la kumbuyo kwake, lomwe limatchinga madzi kuti asalowe m'galimoto, limakhala litamatuka. Limateninso ndi butyl (tepi ya labala yomata yosalowa madzi), osati selotepi.