Opareshoni ya ng'ala ingawononge cornea? Ndithandizeni nzeru

Nachisale_BT:
Moni nonse. Mayi anga ali ndi ng'ala maso onse awiri, lakumanja ndiye layereratu moti amangozindikira kuwala basi. Kuchipatala akuti apangidwe opareshoni koma adokotala atawayeza pa makina aja oika chibwano ananena kuti pafunika kusamala ndi cornea chifukwa ng'alayo yakhwima kwambiri. Ine sindinamvetse, nanga si ng'ala ili mkati, cornea ikubweramo bwanji? Panopa mayi ayamba kukana, akuti kumudzi kuli agogo ena anapangidwa opareshoni diso linangotsala mbuu mpaka lero. Odziwa chonde ndimasulireni.

Phiri wa ku Maso:
Achemwali pepani ndi matendawo. Ine ndimagwira ntchito ku dipatimenti ya maso ndiye ndiyesa kufotokoza. Cornea ndi kagalasi koonekera kaja kali kutsogolo kwenikweni kwa diso, kukhuthala kwake pafupifupi theka la milimita. Kuseri kwake kuli mzere umodzi wokha wa maselo otchedwa endothelium, ntchito yawo kupopa madzi kuti cornea isafufume. Munthu wamkulu amakhala nawo cha m'ma 2,500 pa square milimita imodzi, amachepa ndi ukalamba, ndipo vuto lake ndi loti akafa samera ena, otsalawo amangotambasuka kutseka mpata. Akatsika kufika cha m'ma 500 cornea imadzaza madzi n'kuchita chifunga, mwina ndi zimene zinawachitikira agogo ajawo ngakhale zifukwa zimakhalapo zambiri. Tsono kuchoka pa cornea kufika pa ng'ala ndi mamilimita atatu okha, ndiye ng'ala potuluka imadutsa pafupi kwambiri ndi maselowa, ikakhala yaikulu komanso youma itha kuwakhula.

Koma musaope, njira zotetezera zilipo ndipo zimagwira ntchito. Asanakhudze ng'ala adokotala amathira mafuta oterera ngati therere, dzina lake viscoelastic, kuno kwathu timaona kwambiri mtundu wotchedwa HPMC. Amakuta maselo aja komanso amasunga mpata kuti diso lisaphwe, ndipo dokotala wosamala saumira, amathiranso kachiwiri pamwamba ndi pansi pa ng'ala asanaitulutse ndi pomwe akuika lenzi yatsopano m'malo mwa lenzi ya diso ija yachita ng'ala. Pomaliza amawatsukamo chifukwa akatsala amakweza presha ya diso. China, ng'ala ikakhala yokhwima amakulitsako pang'ono pomwe acheka kuti ituluke mosakakamiza. Zoti adokotala anatchula okha za cornea ine ndikuona ngati ndi zabwino, ndiye kuti aona kale ndipo akonzekera.

Mbewe Joni:
Sisi bwanji osawapititsa ku pulayiveti akapangidwe phaco? Bambo anga anapangidwa imeneyo kuno ku Johannesburg, amangoboola pang'ono mamilimita awiri kapena atatu, makina amaphwanya ng'ala ija n'kuiyamwa, opanda ulusi, mawa lake anali akuwerenga Baibulo lawo. Ndalama ndiye zimapita koma diso ndi diso.

Phiri wa ku Maso:
A Mbewe, phaco ndi yabwino zedi sindikutsutsa, koma pa nkhani ya mayiwa tisathamange. Makina amenewo amaphwanya ng'ala ndi kunjenjemera kothamanga kwambiri kotchedwa ultrasound, ng'ala ikauma pamafunika mphamvu yambiri ndi nthawi yaitali, madzi ambiri amazungulira m'diso, tizidutswa timagunda kuseri kwa cornea, zonsezo zimapha maselo aja. Madokotala odziwa amachepetsa izi podula ng'ala ndi kachida kotchedwa chopper komanso pogwirira ntchito pansi kutali ndi cornea, koma pa ng'ala yokhwimitsitsa opareshoni yamanja ija yocheka pang'ono, yotchedwa SICS, yomwe imachitika kwambiri m'zipatala zathu ngati Lions ku Blantyre ndi ku Nkhoma, imatulutsa ng'ala yonse yathunthu popanda ultrasound ndipo zotsatira zake zimakhala zabwino. Musagulitse mbuzi poganiza kuti yodula ndiye yotetezeka, chachikulu ndi dzanja la amene akupangayo.

NaBanda wa ku Dedza:
Ine ndiwonjezere za kunyumba poti apongozi anga ndinawasamalira ndine. Atamatula bandeji ankaona chifunga chokhachokha makamaka m'mawa podzuka, dzuwa likakwera kumayerako pang'ono, anayamba kulira kuti andiphera diso. Anesi anatiuza kuti ndi cornea yatupa, usiku zikope zikatsekedwa madzi amachuluka ndiye m'mawa zimanyanya, tingopitiriza mankhwala odontheza. Zinatha ndithu pang'onopang'ono, pano amasankha okha nyemba pa lichero. Ndiye muwauziretu mayiwo asadzadzidzimuke. Koma chonde chonde, pasapezeke wina wobwera ndi mankhwala achikuda kapena mkaka wa m'mawere kuti adonthezemo, amenewo ndi amene amathetsa maso a anthu. Asamatikite diso, asamakhale pa utsi kukhitchini, ndipo likayamba kuwawa kwambiri, kufiira, kutuluka mafinya kapena kuona kukamachepa m'malo mowonjezereka, thamangani tsiku lomwelo osadikira deti ya riviyu.

Nachisale_BT:
Zikomo kwambiri nonse, mtima wakhalako pansi. A Phiri ndinaiwala kunena kuti mayi ali ndi shuga. Komanso diso linalo amaonabe nalo pang'ono, tidikire likhwime kaye?

Phiri wa ku Maso:
Za shuga muwauze adokotala ndipo mutenge buku lawo lakuchipatala, amafuna ikhale yotsika bwino asanalowe ku fiyeta chifukwa cornea ya munthu wa shuga ikatupa imachedwa kuphwa komanso bala limachedwa kupola. Zodikira kuti ikhwime zija ndi zakale achemwali, ikamakhwima ndi pomwe cornea imavutika pochotsa. Lakumanjalo likapola mufunse deti ya linalo.