Ma core 16 koma render ikuchedwabe, thandizeni

Wa ku Braamfontein: Akuluakulu ndili pamoto. Abwana anagula kompyuta ya ma core 16 (tizigawo ta processor togawana ntchito) kuti mavidiyo a maukwati tizimaliza msanga koma render (kompyuta kupanga vidiyo yomaliza) ya maola 6 yangotsika kufika pa 5, ndiye akuti ndiichite overclock, kutanthauza kukweza liwiro la processor kuposa momwe anaipangira, ifike 6 GHz apo ayi ndinawadyetsa ndalama. Fani ikulira ngati chigayo, ukaika dzanja kuseri mpweya wake ngati wa pambaula.

Wa ku Rosettenville: Achimwene musayerekeze, mupsereza chinthu cha eni. Processor ya Intel ya Pentium 4 inafika 3.8 GHz kale mu 2004, chaka chomwecho Intel inasiya chip ya Tejas kamba ka kutentha komweku. Ma transistor (timaswichi ta m'kati mwa chip) atachepa kwambiri magetsi anayamba kudontha, voltage osatsikanso, ndipo ukaikweza pang'ono kutentha kumalumpha kwambiri. Nchifukwa chake opanga ma chip anayamba kungochulukitsa ma core. Musaiwalenso kuti Joni ili pamtunda wa mamita 1,750, mpweya ndi wopepuka, fani siziziritsa ngati ku Durban.

Wa ku Midrand: Tatsegulani Task Manager render ili mkati, ma core akugwira ndi angati?

Wa ku Braamfontein: Achemwali, awiri okha ali pa 100%, enawo ali mtulo. Processor ili pa 95°C.

Wa ku Midrand: Ndi pomwepo. Muitane anthu 16 kudzaphika nsima koma mthiko uli umodzi, ovundula ndi m'modzi basi. Katswiri wa makompyuta Amdahl anawerengera zimenezi mu 1967, ngati gawo limodzi mwa asanu a ntchito silingagawidwe, olo muike ma core 1000 simungafulumire kuposa ka 5. Vidiyo ipatseni GPU, chip ya pa khadi ya zithunzi, ili ndi timakina tating'ono tambirimbiri tochita masamu ofanana nthawi imodzi. Ngati khadi ndi ya Nvidia yatsani NVENC (hardware encoding, khadiyo kupanga yokha fayilo ya vidiyo) pa export, mafayilo achoke pa hard disk yakale apite pa SSD (disk yachangu) chifukwa nthawi zina processor imangokhala kudikira data.

Wa ku Tembisa: Nanga za makompyuta a quantum zija yunivesite ya Wits inalowa ndi IBM mu 2019, sizingathandize?

Wa ku Rosettenville: Ayi mphwanga, ma qubit awo, tizigawo tomwe makompyutawo amawerengera, amasungidwa pozizira pafupifupi -273°C ndipo ndi za masamu apadera ngati a ma molecule, vidiyo ya ukwati sangaigwire.

Wa ku Braamfontein: Zatheka! Ndapukuta fumbi, ndapaka thermal paste yatsopano (phala lothandiza kuchotsa kutentha pa processor), hardware encoding inali yozimitsa, ndaiyatsa. Vidiyo yomweija yatha pa ola limodzi ndi mphindi 40. Koma poti GPU tsopano ikukoka magetsi ambiri, UPS yathu (batire yosungira magetsi) ya 1000VA ipirira magetsi akathima render ili pakati?