WindowBlinds 11: tilipire kapena zaulere zikukwana?

Kondwani: Akuluakulu, laputopu ndi ya Windows 11, RAM 8 GB, graphics za Intel. Chofunika n'chakuti title bar (kachigawo kapamwamba pa windo kokhala ndi dzina lake) ndi m'mphepete mwa mawindo muzioneka ngati galasi, monga zinalili pa Windows 7. WindowBlinds 11, pulogalamu yolipira ya kampani ya Stardock yosintha maonekedwe a Windows, ndi yoyenera kuitayira madola?

Chisomo: Achimwene, khadi ibakhala m'thumba kaye. Galasi lija ndi Aero Glass, linabwera ndi Vista ndipo Microsoft inalichotsa pa Windows 8 mu 2012. Pano pali Mica ndi Acrylic. Mica imangotenga mtundu wa wallpaper, sionetsa zimene zili kuseri kwa windo, n'chifukwa chake siilemetsa makina. Acrylic ndiyo imaonetsa zakuseri mwachimbuuzi, ndiye GPU, chipangizo cha graphics, imagwira ntchito nthawi zonse. Lowani Settings, Personalization, Colors, muyatse Transparency effects ndi Show accent color on title bars and window borders. Ngati Windows sinachitidwe activate, zimenezi zimakhala zokhoma.

Dalitso: Zimenezo sizibweretsa galasi ayi, achemwali, zimangopaka utoto. Chaulere chimene chimafikako ndi pulogalamu ya DWMBlurGlass, ili pa webusaiti ya GitHub. Mafayilo ake muwaike mu foda yokhazikika monga mu Program Files, osati mu Downloads momwe mungawafufute mwangozi. Muitsegule ngati administrator, mudine Install, mutsitse ma symbol (mafayilo osonyeza zamkati mwa mapulogalamu a Windows), kenako musankhe Aero. Vuto lake ndi ili: imalowa mkati mwa dwm.exe, pulogalamu imene imajambula mawindo onse, ndipo imadalira ma symbol a Microsoft kuti idziwe pogwira mu uDWM.dll ndi dwmcore.dll. Update ikasintha mafayilo amenewa galasi limazimiririka mpaka mutatsitsanso ma symbol atsopano. Popanda bandulo tsiku limenelo, palibe galasi.

Mphatso: Apo pomwepo ndi pamene pali phindu lolipira. WindowBlinds ili ndi kampani kumbuyo kwake yoikonza Windows ikasintha, ndipo imasintha zambiri: mafelemu, mabatani otsekera, ma scrollbar, taskbar. Ma skin, omwe ndi maonekedwe okonzedwa kale, alipo ambirimbiri pa webusaiti ya WinCustomize, ndipo pulogalamu imene ikuvuta mutha kuipatula kuti skin isaikhudze.

Chisomo: Nenaninso zimene siigwira, a Mphatso. Mapulogalamu amene amajambula okha title bar yawo, monga Discord ndi VS Code, komanso amakono ngati Settings ndi Calculator, amakhalabe momwe analili. Zotsatira zake, Control Panel yavala suti, Settings ili pambali pake ndi yunifomu ya sukulu. Ma skin akale ambiri anapangidwa pa 100% scaling, kukula kwa zinthu pa sikirini kwa nthawi zonse. Pa sikirini ya 150% mabatani amatuluka ang'onoang'ono kapena osaoneka bwino.

Kondwani: Nanga kunenepetsa m'mphepetemo osaika pulogalamu iliyonse?

Dalitso: Mu regedit, pulogalamu yosinthira makonzedwe amkati a Windows, pitani ku HKEY_CURRENT_USER\Control Panel\Desktop\WindowMetrics. Manambala ake ndi -15 pa pixel iliyonse: BorderWidth imabwera ili -15, PaddedBorderWidth -60, CaptionHeight -330. Mukasintha, tulukani mu akaunti n'kulowanso. Koma musayembekezere zambiri. Kuyambira Windows 10 mzere wooneka ndi wa pixel 1 basi, kwinako n'kosaoneka, ndiye mumangokulitsa malo ogwirira ndi mausi komanso kutalika kwa title bar. Chitani Export pa WindowMetrics kuti musunge kope lake musanakhudze kanthu.

Tiyamike: Batire bwanji osalitchula? Battery saver (pa Windows 11 yatsopano imatchedwa Energy saver) ikayaka, Windows imazimitsa yokha transparency yake, ndiye musaganize kuti china chawonongeka. Pa graphics za Intel, blur radius ya DWMBlurGlass, muyezo wa chimbuuzi chija, ikhale yotsika, apo ayi windo limatsalira m'mbuyo mukamalikoka. Ndipo musaphatikize: WindowBlinds, DWMBlurGlass ndi Mica For Everyone (pulogalamu ina yosintha ma title bar) zikakhala pamodzi zimalimbirana title bar imodzimodziyo, mapeto ake kumaphethira kapena kuda bii. Ya taskbar yokha, TranslucentTB ya mu Microsoft Store ikukwana.

Mphatso: Zoona. Wofuna galasi lokha asalipire, pamenepo ndavomera. Wofuna desktop yonse ioneke ngati XP kapena Windows 7, mabatani ndi zonse, WindowBlinds ndiyo njira yosavuta chifukwa simusowa kuchita patch mafayilo a theme a Windows. Pali trial ya masiku 30. Zija za crack zoyenda pa ma flash zisiyeni, pulogalamu yolowa m'mawindo onse si yoitenga kwa munthu wosadziwika.

Tiyamike: A Kondwani, pangani restore point yoti mubwezerepo Windows zikavuta, muike trial ya WindowBlinds yokhayo, mutsegule mapulogalamu 5 amene mumagwiritsa ntchito tsiku lililonse, muwerenge kuti skin yagwira angati. Ngati tsiku lanu limathera mu browser ndi WhatsApp, madolawo mugulire RAM ina ya 8 GB, bola laputopuyo ikhale ndi slot yopanda kanthu.