Mabokosi a maganizo adzaza fumbi, abwana akuti tipite ku Mangochi

Mayi wa HR (woona za antchito): Moni akuluakulu. Bodi yatilamula kuti chaka chino antchito azibweretsa njira zatsopano zogwirira ntchito. Kampani yathu ndi yaikulu, nthambi zili m'zigawo zonse zitatu. Tinaika mabokosi a maganizo pa risepushoni paliponse. Titatsegula tapezamo mapepala a maswiti, ndi kalata imodzi yopanda dzina yodandaula za chimbudzi cha madalaivala. Tsopano abwana akuti tikachite workshop ku Mangochi. Ine mtima ukukana. Anzanga munachitako bwanji?

Injiniya wa kufakitale: Mayi, ku Mangochi musapiteko. Anthu akalandira alawansi, akadya chambo, Lolemba zinthu zili pomwe zija. Koma ndifunse: kalata ya chimbudziyo munaiyankha?

Mayi wa HR: Ayi bambo, tikanayankha ndani poti inalibe dzina?

Injiniya wa kufakitale: Yankhani onse. Konzani chimbudzicho sabata ino, mumate pepala pa bolodi lonena kuti tamva ndipo takonza. Munthu wapansi amayamba ndi kanthu kakang'ono kuti aone ngati kumtundako kuli makutu. Mukakhala chete, maganizo ake enieni amapita nawo kunyumba.

Ife a mafakitale timakonda nkhani ya ku Fremont, California, ku America. Kampani yopanga magalimoto ya General Motors inatseka fakitale yake kumeneko mu 1982, antchito ake atatchuka ndi kujomba komanso magalimoto osalongosoka. Mu 1984 inatsegulidwanso mogwirizana ndi Toyota pa dzina loti NUMMI, ndipo ambiri mwa omwe analembedwa anali anthu omwe aja. Chinasintha n'chiyani? Pamwamba pa mzere wopangira magalimoto panali chingwe, amati andon. Aliyense akaona cholakwika ankachikoka, mtsogoleri wa gulu ankathamangira kudzathandiza, ndipo vuto likapanda kutha mzere wonse unkaima. Kale kuimitsa mzere unali mlandu waukulu. Posakhalitsa magalimoto awo anali m'gulu la abwino kwambiri a General Motors. Sanawaphunzitse khalidwe m'holo, anawasinthira kagwiridwe ka ntchito.

Akauntanti wa kubanki: Zomveka achimwene, koma kuno popanda kenakake m'thumba palibe angakupatseni nzeru zake. Ikani mphotho. Wobweretsa ganizo lopulumutsa ndalama alandireko gawo.

Sisita wamkulu wa kuchipatala: Pepani bambo akauntanti, apo ndikana pang'ono. Kwathu anayesapo zopatsa munthu mmodzi envelopu pamaso pa anzake. Chinatsatira ndi nsanje. Anthu anayamba kubisirana maganizo, wolandirayo n'kumatchedwa kamwana ka abwana. Ngati pali mphotho, ipite ku gulu lonse, ikhale yochepa koma ifike msanga.

Ndipo mayi a HR, yang'anani masupavaiza anu. Maganizo ambiri amafera pamenepo. Mnyamata akanena kuti fomu iyi tikuilemba kawiri popanda chifukwa, supavaiza amamva ngati akumuchotsa ulemu, amangoti "unabwera liti iwe?" Kapena amalitenga ganizolo n'kukalinena kumitingi ngati lake. Zikachitika kamodzi, dipatimenti yonse imatseka pakamwa.

Mnyamata wa IT: Zoona amayi. Ndiwonjezereko za kuyesa. M-Pesa ya ku Kenya itayamba kuyesedwa mu 2005, cholinga chinali choti anthu azibwezera ngongole zing'onozing'ono pa foni. Oyesawo anaona kuti anthu akutumizirana okha ndalamazo. M'malo mowaletsa, anatsata zomwe anthuwo ankachita, ndipo kampani ya mafoni ya Safaricom inaikhazikitsa mu 2007 ngati njira yotumizira ndalama. Akanadikira pulani yangwiro ya mu bodi sakanaziona. Enanso amatchula kampani ya ku America ya 3M, yomwe imalola akatswiri ake kugwiritsa ntchito 15 peresenti ya nthawi yawo pa zofufuza zawozawo, koma zimenezo musakazitchule kwa abwana, akuthamangitsani.

Akauntanti wa kubanki: Haha, angakomoke. Chabwino, ndavomera za gulu. Koma ndalama yoyesera ikhale ndi mzere wakewake mu bajeti komanso malire odziwika, oti manejala wa nthambi angasaine yekha osadikira likulu. Kupanda kutero ma auditor adzakufunsani, ndipo manejala aliyense adzaopa kuigwira.

Mayi wa HR: Zikomo nonse. Ndalemba izi zoti ndikapereke Lachisanu: ndalama ya ku Mangochi isanduke yoyesera. Tiyambe ndi nthambi imodzi ndi depoti ya madalaivala, osati dziko lonse. Ganizo lililonse lilembedwe m'buku ndi dzina la mwini wake, liyankhidwe pasanathe masabata awiri, ngakhale yankho likhale ayi, bola chifukwa chinenedwe. Chondivutabe ndi masupavaiza aja. Ndiwadumphe?

Sisita wamkulu wa kuchipatala: Musawadumphe, akuwonongerani mwakachetechete. Pa appraisal yawo, fomu younikira kagwiridwe kawo ka ntchito, muikepo funso loti ndi maganizo angati a anthu awo omwe ayesedwa. Mulembe oyesedwa, osati opambana, apo ayi azidzangosankha zopanda chiopsezo.

Injiniya wa kufakitale: Ndipo ganizo loyamba likalephera, a MD, mkulu wa kampani yonse, akalankhule okha ku depotiko, athokoze oyesawo powatchula maina. Memo isapite. Koma pulambala yambani mwamuitana, Lachisanu lisanafike.

Mayi wa HR: Ndamuimbira kale, akubwera mawa m'mawa.