Kakamera ka zoom kapena DSLR, ndigule iti?

Wa ku Chilenje:
Anzanga ndithandizeniko maganizo, ndasungako kandalama ka kamera koma mutu wazungulira. Pali Canon SX740 kaja kolowa m'thumba ka zoom ya 40x, palinso DSLR (kamera yaikulu yosintha ma lens) ya Canon 2000D yogwirapo kale ntchito ili ndi lens ya 18-55. Ndikufuna yojambulira ana, ma kitchen party, ndi nyama tikapita kwathu ku Mfuwe mu Ogasiti.

Wojambula maukwati:
Akulu ngati ma kitchen party ali pamtima tengani 2000D osachedwa. Nkhani ili pa sensa (mbali yolandira kuwala mkati mwa kamera), ya DSLR ndi yaikulu kuposa ka 10 poyerekeza ndi ya kakang'onoko ndiye mu holo mukada, makamaka magetsi akapita mwatsala ndi jenereta, iyo imakokabe kuwala pomwe pa kakang'onoko nkhope zimatuluka mchengamchenga chitenge osaoneka maluwa ake.

Amake awiri:
Koma inu mwaiwala nyamazo! 55mm ku South Luangwa mvuu ili tsidya lija idzangooneka kadontho, mpaka mugulenso lens ina ngati 55-250 ndiye ndalama zinanso. SX740 imafika 960mm, masana imajambula bwinobwino. Chimene chimanditopetsa ilibe poika diso, dzuwa likaswa mtengo pa sikirini suona kanthu umangojambula mwachikhulupiriro kkkk

Wa ku Matero:
DSLR zambiri zimathera mu wadiropu chifukwa cholemera, ana mumangowajambula ndi foni. Mukasankhabe 2000D funsani shutter count (kuchuluka kwa zithunzi zomwe yajambula kale), lens muiunike ndi tochi ya foni muone ngati mulibe nkhungu. Fumbi la Ogasiti lija musamasinthe lens pamtunda.

Wa ku Chilenje:
Zikomo nonse, shutter count-yo amaionera pati?